KUONA MZINDA PODIKIRA SITIMA: MAOLA OCHEPA MU DAR ES SALAAM



M'kalasi lina la sukulu ya kwacha limene ndimayendera muli mayi ena ochita geni ya zitenje. Zaka zapitazo, asanadziŵe kuŵerenga, anapita ku Dar es Salaam pa sitima ya pamtunda pamodzi ndi alamu awo. Atatha kugula katundu anafika pasiteshoni m'maŵa, koma sitima yobwerera inali ya madzulo. Mayiwo anakhala pabenchi maola asanu ndi aŵiri atakumbatira chikwama. Atafika kumudzi ana anaŵafunsa kuti, "Amayi, nyanja yamchere ija munaiona?" Iwo anasoŵa choyankha. Nyanjayo sinali kutali, koma anaopa kutuluka pachipata.

Pondifotokozera nkhaniyi anati, "Aphunzitsi, ndikanasokera ndikanatani? Zikwangwani zinali ponseponse, koma kwa ine zinali ngati mopalasa nkhuku."

Inu tsopano mumadziŵa kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera. Zimenezi si za m'kalasi mokha ayi. Munthu wodziŵa kuŵerenga wotchi ndi chikwangwani angathe kutuluka pasiteshoni, kuona mzinda waukulu ndi miyendo yake, n'kubwerera sitima isananyamuke. Safunika galimoto. Safunikanso ndalama zambiri. M'phunziro lino tiona m'mene angachitire zimenezi. Titenga chitsanzo cha Dar es Salaam, mzinda wa m'dziko la Tanzania kumene anthu ambiri a kwathu amapita kukagula katundu.

NJANJI ZIŴIRI, MASITESHONI AŴIRI

Munthu wochokera ku Malaŵi amadzera ku Karonga, amawoloka malire pamtsinje wa Songwe, kenaka amakwera basi mpaka ku Mbeya. Ku Mbeya ndiko kumadutsa njanji ya TAZARA. Njanjiyi inamangidwa kuyambira mu 1970 mpaka mu 1975 ndi thandizo la dziko la China. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860, kuchokera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia mpaka ku Dar es Salaam. Kuchokera ku Mbeya ndi makilomita oposa 800, ulendo wa usana ndi usiku.

Mu 2024 dziko la Tanzania linatsegula njanji ina ya sitima yoyendera magetsi. Anthu amaitcha SGR. Sitimayi imachoka mu Dar es Salaam, imadzera ku Morogoro, n'kukafika ku Dodoma, likulu la dzikolo.

Dziŵani kuti masiteshoni a njanji ziŵirizi sali pamodzi. Siteshoni ya TAZARA ili kunja kwa tauni, pamphambano ya mseu wa Nyerere ndi mseu wa Mandela. Pamenepo pali mlatho wa magalimoto wotchedwa Mfugale, umene unatsegulidwa mu 2018. Siteshoni ya SGR ili m'kati mwa tauni, pafupi ndi doko. Yayandikana ndi siteshoni ya njanji yakale imene Ajeremani anayamba kumanga mu 1905.

Choncho mungatsike sitima ina m'maŵa n'kumadikira inzake ya madzulo. Kapena mungathe kugula katundu msanga, sitima yobwerera ikadali kutali. Maola a pakati ameneŵa ndiwo tikukamba.

Masiku oyendera sitima amasinthasintha, ndipo nthaŵi zina maulendo amaimitsidwa. Musadalire zimene anakuuzani mnzanu amene anayenda chaka chatha. Funsani pasiteshoni. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

CHOYAMBA NDI NTHAŴI

Mzinda wa Dar es Salaam ndi waukulu. Pa kalembera wa mu 2022 munapezeka anthu oposa 5 miliyoni. Koma chimene chimasiyitsa anthu sitima si kukula kwa mzinda. Ndi nthaŵi. Pali misampha itatu.

Msampha woyamba ndi uwu: nthaŵi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique ikamakwana 8 koloko, ku Tanzania imakhala 9 koloko. Mukangowoloka malire, sunthani wotchi yanu. Mafoni ena amasintha okha, ena sasintha. Yerekezani foni yanu ndi wotchi ya pasiteshoni.

Msampha wachiŵiri ndi kalembedwe ka nthaŵi patikiti. Kaŵirikaŵiri salemba kuti 3 koloko masana. Amalemba 15:00. Nambala yoyamba ikaposa 12, chotsanipo 12.

13:00 ndi 1 koloko masana.
15:30 ndi hafu pasiti 3 masana.
18:00 ndi 6 koloko madzulo.
21:00 ndi 9 koloko usiku.

Msampha wachitatu ndi kaŵerengedwe ka Chiswahili. Anthu a kumeneko amayamba kuŵerenga maola dzuŵa likatuluka. Kwa iwo 7 koloko m'maŵa ndi ola loyamba la tsiku.

Saa moja, ola loyamba, ndi 7 koloko.
Saa tatu, ola lachitatu, ndi 9 koloko.
Saa sita, ola lachisanu ndi chimodzi, ndi 12 koloko.
Saa nane, ola lachisanu ndi chitatu, ndi 2 koloko.
Saa kumi, ola lakhumi, ndi 4 koloko.

Njira yapafupi ndi iyi: yang'anani nkhope ya wotchi. Nambala imene munthuyo watchula, onani imene yapenyana nayo kutsidya. Kutsidya kwa 1 kuli 7. Kutsidya kwa 10 kuli 4. Ngati mukukayika, mupatseni munthuyo pepala ndi cholembera kuti alembe nthaŵiyo, ndipo mumufunse ngati ndi m'maŵa kapena madzulo. M'maŵa amati asubuhi, masana amati mchana, madzulo amati jioni, usiku ndi usiku ngati kwathu komwe.

Ine ndemwe, mphunzitsi wathunthu, ndinakodwapo. Tikiti yanga inati 15:00. Ndinali kumsika wa nsomba, ndikudya mosatekeseka, wotchi yanga ikuti 1 koloko. Mumtima ndinati ndatsala ndi maola aŵiri. Ndinafunsa mayi amene anandigulitsa chakudyacho nthaŵi, kungofuna kuyesa Chiswahili changa. Iwo anati, "Saa nane." Ndinayang'ana kutsidya kwa 8 pawotchi, ndinaona 2. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti sindinasunthe wotchi pamalire. Nsomba ndinaisiya pambale. Ndinafika pasiteshoni thukuta lili kamukamu, anthu atayamba kale kukwera. Panalibe wina wolakwa koma ine.

TIYENI TIŴERENGERE

Musanatuluke pachipata, khalani pansi ndi pepala. Tiyerekeze kuti mwafika pasiteshoni ya m'tauni 10 koloko m'maŵa, ndipo sitima yanu ndi ya 16:00, ndiye kuti 4 koloko. Pakati pali maola 6.

Chotsani theka la ola logulira tikiti ndi kukonza za katundu. Atsala maola 5 ndi theka.

Chotsani ola limodzi ndi theka, chifukwa muyenera kukhala pasiteshoni sitima isanafike nthaŵi yake. Pamakhala mzere, ndipo amaona ziphaso ndi katundu. Atsala maola 4. Ngati a pasiteshoni akuuzani kuti mufike msanga koposa apa, mverani iwo.

Chotsani theka lina la ola la zogwa mwadzidzidzi, monga mvula kapena kusokera. Atsala maola 3 ndi theka.

Amenewo ndiwo maola anu oonera mzinda. Lembani papepala ndi zilembo zazikulu: NDIBWERERE PASITESHONI 2 KOLOKO. Lamulo lina ndi ili: theka la nthaŵi yanu likatha, tembenukani, ngakhale kutsogolo kukuoneka zokoma.

Ngati sitima yanu inyamukira ku TAZARA, chotsaninso ola limodzi kapena kuposa la panjira. Mtunda si wautali kwenikweni, koma magalimoto amathithikana pamseu wa Nyerere, makamaka m'maŵa ndi madzulo anthu akamaŵeruka kuntchito.

Chinthu china chofunika: gulani tikiti musanapite kukaona mzinda. Musati ndikagula pobwera. Malo amatha.

KATUNDU NDI NDALAMA

Simungaone mzinda mutasenza chimtolo. Funsani antchito a pasiteshoni, ovala yunifomu, ngati pali chipinda chosungira katundu. Akalandira katundu wanu, akupatseni kapepala. Kaŵerengeni. Onani ngati alemba nambala yoona ya zikwama zanu, ndipo funsani nthaŵi imene amatseka. Munthu wongokupezani panja n'kunena kuti akusungirani, mukaneni mwaulemu.

Ngati palibe posungira ndipo muli gulu, gaŵanani. Ena atsale ndi katundu, ena ayende, kenaka musinthane. Musayende nokha ngati pali mnzanu. Kuyenda aŵiri si mantha.

Pasipoti, tikiti ndi ndalama zambiri zikhale pathupi panu, m'kathumba ka m'kati mwa zovala. M'thumba lakunja muike ndalama zochepa zolipirira basi ndi madzi. Ndalama ya kumeneko ndi shilingi. Sinthani ndalama kubanki kapena kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata a mumseu. Ŵerengani nambala ili pa ndalama iliyonse musanaipereke. Ziro mmodzi amasiyanitsa 1,000 ndi 10,000.

Ku Dar es Salaam kumatentha kwambiri, ndipo thukuta siliuma msanga. Tengani botolo la madzi, chipeŵa kapena ambulera, ndi nsapato zosapweteka. Kuyambira mwezi wa Malichi mpaka Meyi kumagwa mvula yambiri.

ZIKWANGWANI NDI ANZANU

Chiswahili ndi Chicheŵa ndi zinenero zapachibale, ndipo zimalembedwa ndi zilembo zomwe munaphunzira m'kalasi. Taŵerengani mau aŵa mokweza:

Stesheni ndi siteshoni.
Kituo ndi pokwerera basi.
Kuingia ndi kuloŵa.
Kutoka ndi kutuluka kapena kuchokera.
Mizigo ndi katundu.
Nauli ndi ndalama yolipira paulendo.
Choo ndi chimbudzi.
Wanaume ndi amuna.
Wanawake ndi akazi.
Barabara ndi mseu waukulu.
Soko ndi msika.
Hatari ndi ngozi.

Pofunsa njira, yambani ndi moni. Munthu wamkulu mumamupatsa moni woti Shikamoo, iye amayankha kuti Marahaba. Kenaka nenani kuti, "Samahani, Stesheni ni wapi?" Ndiye kuti, "Pepani, kusiteshoni n'kuti?" Pothokoza mumati Asante. Funsani munthu amene ali pantchito yake, monga wogulitsa m'sitolo kapena mlonda wa pakhomo.

Potuluka pasiteshoni, imani pang'ono. Chewukani, muone maonekedwe a nyumbayo. Lembani dzina la mseu. Pa mphambano iliyonse imene mwakhota, lembani dzina la mseu ndi dzanja limene mwakhotera. Pobwerera mudzaŵerenga pepalalo kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Foni ili ndi mapu, inde, koma moto umatha. Pepala silitha moto.

MUKWERE CHIYANI?

M'kati mwa tauni, miyendo ndiyo yabwino koposa. Woyenda pansi amadziŵa nthaŵi imene adzafike. Wokwera galimoto sadziŵa. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma ndi ambiri. Wolokerani pamene pali mizere yoyera, pamodzi ndi anthu ena.

Pali mabasi aakulu otchedwa mwendokasi, amene anayamba kuyenda mu 2016. Ali ndi njira yawoyawo pakati pa mseu, choncho sachedwa ndi magalimoto ena. Njira yawo yoyamba imachokera ku Kimara, kutsata mseu wa Morogoro, mpaka ku Kivukoni m'mphepete mwa nyanja. Mumalipira musanakwere. M'maŵa ndi madzulo amadzaza kwambiri.

Pali daladala, amene ndi ngati maminibasi athu. Kutsogolo kwake amalemba maina a malo aŵiri, kumene akuchokera ndi kumene akupita. Apa m'pamene kuŵerenga kumakupulumutsani. Musakwere chifukwa kondakitala wakuitanani. Ŵerengani kaye, kenaka funsani.

Pali bajaji, njinga zamoto za mateyala atatu zokhala ndi denga. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo dalaivala alembe mtengowo papepala kapena akuonetseni pafoni. Palinso njinga zamoto za kabaza zimene amazitcha bodaboda. Zimafulumira, koma ngozi zake n'zambiri. Mlendo ndi bwino azipeŵe.

ULENDO WA MIYENDO M'MPHEPETE MWA DOKO

Tsopano tiyeni tiyende. Tiyambira pasiteshoni ya m'tauni. Ulendo wonse, kupita ndi kubwerera, ndi makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi. Simungasokere mukasunga chinthu chimodzi: popita, madzi a doko akhale kudzanja lanu lamanja. Pobwerera akhale kumanzere.

Tsatani mseu wa Sokoine. Dzinali ndi la Edward Sokoine, nduna yaikulu ya dzikolo imene inamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1984.

Malo oyamba ndi nyumba yoyera yakale yotchedwa Old Boma. Ndi imodzi mwa nyumba zakale koposa mumzindamu. Inamangidwa cha m'ma 1866, m'nthaŵi ya Majid bin Said, mfumu ya ku Zanzibar imene inayambitsa mzindawu. Dzina loti Dar es Salaam ndi la Chiluya, ndipo limatanthauza malo a mtendere. Onani zitseko zake zosemedwa mwaluso.

Malo achiŵiri ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha St Joseph. Anachimanga amishoni a Chijeremani kuyambira mu 1897 mpaka mu 1902. Nsanja yake yosongoka imaonekera patali, ndipo ingakuthandizeni kudziŵa kumene muli. Kutsidya kwa mseu ndi kokwerera sitima za pamadzi zopita ku Zanzibar. Anyamata adzakuthamangirani ndi matikiti. Akanizeni. Ku Zanzibar ndi ulendo wa maola pafupifupi aŵiri kupita kokha. Si wa lero.

Malo achitatu ndi tchalitchi cha Lutheran cha Azania Front, cha denga lofiira. Nachonso anachimanga amishoni a Chijeremani kuyambira mu 1898. Apa imani muone doko. Muona sitima zikuluzikulu zonyamula katundu. Mafuta, feteleza ndi magalimoto ena amene timaona ku Malaŵi ndi ku Zambia amatsikira padoko limeneli.

Malo achinayi ali pafupi. Siyani madzi kumbuyo kwanu, muyende pang'ono kuloŵa m'tauni mpaka pamphambano ya mseu wa Samora. Dzinali ndi la Samora Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique. Chipani chake cha Frelimo chinakhazikitsidwa mumzinda womwe uno mu 1962. Pakati pa mphambanoyo pali chiboliboli cha msilikali atagwira mfuti, ataloza kudoko. Amachitcha Askari Monument. Askari ndi msilikali. Anachiimika mu 1927 pokumbukira asilikali achikuda ndi amtengatenga a nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918.

Apa musafulumire, chifukwa nkhaniyi ndi yathunso. Nkhondo imeneyo inafika ku Karonga mu Sepitembala 1914. Pambuyo pake amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anatengedwa, ena kukhala asilikali, ambiri kukasenza katundu wa nkhondo pamutu m'dziko lino, limene panthaŵiyo linali m'manja mwa Ajeremani. Ambiri anafera kutali ndi kwawo ndi njala ndi matenda. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a nkhondo yomweyo. Mwina agogo a agogo anu anali m'gulumo. Iwo anayenda m'dziko lino osatha kuŵerenga chikwangwani ngakhale chimodzi. Inu mungaime pamenepa n'kuŵerenga nokha zimene zalembedwa za iwo.

Malo achisanu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko la Tanzania. Tsatani mseu wa Samora mpaka mutapeza mseu wa Shaaban Robert. Ameneyu anali mlembi wotchuka wa Chiswahili. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1940. Poloŵa mumalipira, choncho funsani mtengo pakhomo. M'katimo muphunzira za chigaza cha cholengedwa chofanana ndi munthu chimene Mary Leakey anachipeza ku Olduvai mu 1959. Akatswiri amati chakhala zaka zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Muonanso za malonda a ukapolo, za ulamuliro wa Ajeremani ndi Angerezi, ndi magalimoto amene ankayendera Julius Nyerere, pulezidenti woyamba wa dzikolo. Anthu ake ankamutcha Mwalimu, ndiye kuti Mphunzitsi. Iye analengeza kuti chaka cha 1970 chikhale chaka cha maphunziro a anthu akuluakulu. Nkhani ya sukulu ngati yathuyi inali pamtima pake. M'nyumbayi mungathe ola lathunthu osadziŵa, choncho yang'anani wotchi. Pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluŵa pamene mungapumule pamthunzi.

Malo otsiriza ndi Kivukoni. Bwererani kumadzi, mutsate mseu wa m'mphepete mwa doko mpaka kumapeto. Pamenepo pali chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Kigamboni. Amachitcha pantoni. Patsogolo pang'ono pali msika wa nsomba. Muona nsomba zimene m'nyanja yathu mulibe, zina zazitali ngati munthu, ndiponso nkhanu ndi nyama zina za m'nyanja yamchere. Msika umatentha m'maŵa asodzi akangofika ndi ngalaŵa zawo. Pali amayi ophika, ndipo mungadye nsomba yokazinga pompo. Mungamwenso madzi a kokonati wamuŵisi, amene amatchedwa madafu. Apa ndiye pakamwa pa doko, ndipo patsogolo panu pali nyanja yaikulu ya India, imene ana aja anafunsa.

Chenjezo: pafupi ndi pamenepa pali nyumba ya boma yotchedwa Ikulu. Musaijambule. Musajambulenso apolisi, asilikali kapena zipata za doko. Munthu wamba mupempheni kaye musanamujambule.

Pobwerera, madzi akhale kumanzere. Yendani osakhota mpaka muone nsanja ya St Joseph. Mukaipitirira, siteshoni ili pafupi.

NANGA KU KARIAKOO?

Ambiri a inu mwamvapo za Kariakoo, dera la masitolo ndi misika kumene amalonda athu amagula zitenje, nsapato ndi ziŵiya. Dzinali linachokera ku mau a Chingerezi oti Carrier Corps, dzina la gulu la amtengatenga a nkhondo ija, chifukwa msasa wawo unali pamenepo. Nyumba yaikulu ya msikawo inapsa ndi moto mu Julaye 2021, koma malonda a m'miseu yozungulira sanaime.

Ku Kariakoo kumadya nthaŵi. Miseu ndi yodzaza, ndipo opisa m'matumba sasoŵa. Ngati muli ndi maola atatu okha, sankhani chimodzi: doko kapena Kariakoo. Mapanga aŵiri avumbwitsa.

NTHAŴI IKACHEPA

Mukatha kuŵerengera, onani maola amene akutsalirani.

Ngati latsala ola limodzi kapena kucheperapo, musatuluke. Khalani pasiteshoni, ŵerengani zikwangwani, phunzirani mau atsopano.

Ngati atsala maola aŵiri, kaoneni Old Boma, matchalitchi aŵiri aja ndi chiboliboli cha msilikali, n'kubwerera.

Ngati atsala maola atatu, onjezani malo amodzi: nyumba ya zinthu zakale kapena msika wa nsomba.

Ngati atsala maola anayi kapena kuposa, yendani ulendo wonse.

Kukada musayende. Ku Dar es Salaam mdima umagwa msanga dzuŵa likangoloŵa.

Kuona malo atatu modekha kumaposa kuthamangira malo khumi. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Malangizo ameneŵa si a ku Dar es Salaam kokha. Mumzinda uliwonse umene mungadikire sitima kapena basi, chitani chimodzimodzi. Gulani tikiti. Sungani katundu. Ŵerengerani maola. Lembani dzina la siteshoni ndi la mseu. Sankhani malo ochepa apafupi. Bwererani msanga.

Mayi a zitenje aja anapitanso chaka china, atatsiriza buku loyamba ndi lachiŵiri. Ulendo uno anatenga kope ndi pensulo. Atabwera anaonetsa anzawo m'kalasi tsamba limene analembapo okha maina a miseu inayi, ndi nthaŵi yobwerera atailemba m'bokosi. Anabweretsanso kabotolo ka madzi a m'nyanja kuti ana alaŵe, akhulupirire kuti ndi amcheredi.

MAFUNSO

1. Kodi njanji ya TAZARA imachokera kuti, ndipo imathera kuti? Ndi yaitali makilomita angati?
2. Ku Karonga ndi 11 koloko m'maŵa. Kodi ku Mbeya ndi nthaŵi yanji?
3. Patikiti alemba 17:30. Imeneyi ndi nthaŵi yanji?
4. Munthu wakuuzani kuti sitima inyamuka saa kumi jioni. Kodi ndi nthaŵi yanji pa kaŵerengedwe kathu?
5. Mwafika pasiteshoni 9 koloko m'maŵa, sitima ndi ya 14:00. Chotsani maola aŵiri ndi theka monga tachitira m'phunziroli. Kodi mwatsala ndi maola angati oonera mzinda?
6. Kodi chiboliboli cha msilikali chimakumbutsa ayani? Nanga nkhani yake ikutikhudza bwanji?
7. Chifukwa chiyani tiyenera kugula tikiti tisanapite kukaona mzinda?

ZOCHITA

Jambulani nkhope ya wotchi m'kope mwanu. Lumikizani ndi mzere nambala iliyonse ndi inzake ya kutsidya. Kenaka funsanani aŵiriaŵiri nthaŵi ya Chiswahili.

Tsiku la msika, pitani kuboma kapena kutauni yapafupi ndi kwanu. Yambirani pokwerera basi. Yendani theka la ola, mukulemba chikwangwani chilichonse chimene mwakhotera. Bwererani potsata pepala lanu, osafunsa munthu. Mudzatiŵerengere zimene mwalemba tikadzakumananso m'kalasi.

Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu ngati pali wina wa m'banja lawo amene anapita ku mtengatenga. Lembani dzina lake ndi zimene akukumbukira.